Mmene mungauzire mnzanu za buku mpaka lifike m'manja mwake

Funso lakuti "Mukuwerenga chiyani masiku ano?" limamveka lapafupi, koma ambiri mwa ife okonda mabuku timaliyankha moperewera. Timangotchula dzina la buku, n'kuwonjezera kuti "ndi labwino kwambiri, mudzaliwerenge," ndipo nkhani imathera pomwepo. Wofunsayo amavomera mwaulemu, koma pofika madzulo dzina lija waliiwala kale, ndipo ngakhale akanalikumbukira sakanadziwa kolipeza. Kwathu kuno, kumene munthu akhoza kuyenda mtunda wautali asanapeze sitolo yogulitsa mabuku ena osakhala a sukulu, kutamanda buku n'kusiyira pomwepo kuli ngati kusimbira munthu wanjala za phwando limene sanaitanidweko. Malangizo otsatirawa ndawatola pa zaka zimene ndakhala ndikubwerekana mabuku ndi anzanga akuntchito, akumpingo ndi achibale, ndipo onse akuloza kumodzi: buku loyenera lifike m'manja mwa munthu woyenera, aliwerenge, kenako libwerere kwa mwini wake kuti lidzathandizenso wina.

Yambani ndi munthuyo, buku libwere pambuyo

Musanatchule buku lililonse, funsani mnzanuyo kuti buku lomaliza limene analiwerenga mpaka kumapeto popanda womukakamiza ndi liti. Akanena kuti sakukumbukira, kapena akatchula buku la mayeso a Fomu 4, musamuchititse manyazi, chifukwa anthu ambiri anakumana ndi mabuku m'kalasi mokha, ndipo mpaka lero akaona buku amakumbukira mayeso. Munthu wotereyu mufunseni nkhani zimene zimamukhazika pansi akazimva pa wailesi, kaya ndi za mpira, za ulimi, za ndale, za m'mabanja kapena za mbiri ya makolo, ndipo muyambire pamenepo.

Funsaninso chilankhulo chimene amawerenga momasuka, komanso nthawi imene ali nayo. Namwino wogwira ntchito usiku, mayi wa ana aang'ono ndi munthu wokhala nthawi yaitali m'minibasi tsiku ndi tsiku sangapatsidwe buku lofanana. Wa m'minibasi mupatseni nkhani zifupizifupi kapena ndakatulo, kuti azimaliza imodzi asanatsike, pamene agogo opuma pantchito, amene ali ndi masana onse pakhonde, buku la masamba 400 siliwaopsa. Musaiwalenso za maso. Achikulire ambiri amasiyira buku panjira osati chifukwa nkhaniyo sinawakomere, koma chifukwa zilembo zake n'zing'onozing'ono ndipo usiku amawerengera pa tochi.

Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu imaonetsa bwino mfundo imeneyi. Atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nyengo ya njala ya 2001 ndi 2002, ankapita ku laibulale yaing'ono ya kwawoko, kumene anapeza buku la sayansi la m'Chingerezi lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezi chake panthawiyo chinali chochepa, choncho ankadalira kwambiri zithunzi, komabe kuchokera pamenepo anapanga makina opangira magetsi pakhomo pa makolo ake ali ndi zaka 14. Owerenga ambiri bukulo akanalidutsa ngati buku wamba la sukulu, koma kwa mnyamata amene ankakonda kumasula mawailesi kuti aone zam'kati, linali lake lenileni. N'chifukwa chake posankhira munthu buku simuyenera kudzifunsa kuti labwino koposa onse ndi liti, koma kuti ndi liti limene likuyankha chimene munthuyu akufunafuna panopa.

Werengani muli ndi kope pambali

Kuti mudzakhale ndi chonena chogwirika, kukonzekera kumayamba pamene mukuwerenga. Gulani kope wamba la ana asukulu, ndipo buku lililonse lizikhala ndi tsamba lakelake. Pamwamba lembani dzina la buku, wolemba ndi tsiku limene mwayamba. Pansi pake muzilemba nambala ya tsamba lililonse pamene panakusekesani, panakukwiyitsani kapena panakukumbutsani za kwanu, ndi chiganizo chimodzi chofotokoza chifukwa chake. Ntchito imeneyi sitenga mphindi ziwiri, koma ikusiyanitsani ndi munthu amene amangoti "linandikhudza" osatha kuloza pamene linamukhudzira.

Musalimbikitse mnzanu kuwerenga buku limene inu simunalitsegule, chifukwa kandimverere anakanena za m'maluwa. Ngati munangomva kuti ndi labwino, nenani choncho kuti munangomva. Ngati muli pakati, nenaninso kuti "ndili pa tsamba 60, ndipo mpaka pano likundikoka," pakuti kukamba za buku limene simunamalize si kulakwa, bola womverayo adziwe pamene mwafika. Mabuku ena amayamba mwamphamvu n'kufooka m'kati, ndipo mnzanu sadzakuimbani mlandu ngati munamuuziratu kuti kumapeto simunafikeko.

Zoyenera kunena ndi zoyenera kusunga

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, mwina ponena zochepa kwambiri, mwina posimba nkhani yonse mpaka womverayo osaonanso chifukwa choliwerengera. Yambani ndi dzina lonse la buku ndi la wolemba, ndipo ngati n'kotheka mulembereni papepala kapena mumutumizire chithunzi cha chikuto pafoni. Kenako fotokozani m'ziganizo ziwiri kapena zitatu za amene nkhaniyo ikumutsata ndi vuto limene wakumana nalo poyamba, n'kuimira pomwepo. Pambuyo pake nenani chimene bukulo linachita mwa inu, mukuloza malo enieni a m'kope lanu lija, ndipo mumalize ndi chofooka chake.

Nthawi ina ndinafuna kupatsa azakhali anga, amene kwa zaka zambiri ankangowerenga Baibulo ndi buku la nyimbo, buku lina la Chichewa, ndipo ndinawauza motere: "Azakhali, bukuli ndi Nthondo, analemba ndi Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, ndipo ndi la mu 1933. Likutsata moyo wa munthu mmodzi wa kumudzi kuyambira kubadwa kwake, ndipo muonamo miyambo ya pamudzi ndi mmene anyamata ankachokera kwawo kupita kukafuna ntchito kutali, monga munkatisimbira za agogo aamuna. Pena likulalikira kwambiri, monga ankachitira mabuku a kumishoni, ndipo mawu ena ndi akale, koma amenewo inu muwadziwa kuposa ine." Anandilanda bukulo ndisanamalize kulankhula, n'kulipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kufunsa kumene anasiya magalasi awo. Zimene ndinanenazo sizinakwane mphindi imodzi, ndipo sindinawauze zimene zinamuchitikira Nthondo atakula. Munthu wina wokonda mbiri ndikanamuwonjezera kuti bukuli linapambana mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Africa, ndi kuti mmishonale T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934 pa dzina lakuti Man of Africa, koma kwa azakhali zimenezo sizikanawonjezera kanthu.

Mathero musawaulule, ngakhale mnzanuyo achonderere. Tonse tikukumbukira mmene zinkapwetekera madzulo pamoto, wosimba nthano atati "padangokhala," ife n'kuyankha kuti "tili tonse," mwana wina amene anaimva kale n'kufuula zimene kalulu adzachite kumapeto. Mathero ndi mphotho ya amene wayenda ulendo wonse wa bukulo, ndipo kumulanda mphothoyo n'kumulakwira. Ngati mukukambirana pagulu pamene ena amaliza ndipo ena sanamalize, gwirizanani mutu umene zokamba zilekezere tsikulo.

Chofooka cha buku chinenedwe mosabisa. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mabuku ena a chikuto chokongola ndi dzina lotchuka ali ndi mitu yotopetsa imene munthu amafunika kuchenjezedwa kuti apirire nayo. Mukanena kuti "mitu itatu yoyamba ikuyenda pang'onopang'ono, koma mukafika wachinayi simudzafunanso kulisiya," mwapulumutsa wowerenga amene akanalitaya pa tsamba 20. Chenjezaninso ngati mukupezeka nkhanza, zolaula kapena imfa ya mwana, makamaka pamene mukupatsa wofedwa posachedwa, wachinyamata kapena munthu amene mumamulemekeza monga apongozi. Amene mwamuuza zoona pa buku loyamba adzakukhulupirirani pa lachiwiri.

Njira ina yamphamvu kuposa kufotokoza ndiyo kumuwerengera mokweza ndime imodzi yokha. Izi zimathandiza kwambiri pa ndakatulo, zimene kukoma kwake kumamveka m'khutu kuposa m'maso. Ngati mnzanuyo ali kutali, ku Johannesburg, ku Lusaka kapena ku Leeds, mujambulireni mawu osapitirira mphindi ziwiri pa WhatsApp, chifukwa uthenga wautali umadya bandulo ndipo ambiri saumvera mpaka kumapeto.

Pa mabuku akale a chilankhulo chathu pali zina zofunika kuwonjezera. Chaka cha 1968 chisanafike, chilankhulochi m'mabuku chinkatchedwa Chinyanja, ndipo ku Zambia ndi ku Mozambique dzinali likugwirabe ntchito, choncho muuzeni mnzanu kuti ku laibulale akafunse ndi maina onse awiri. Mabuku ambiri akale, komanso a ku Zambia, amalemba "c" pamene ife timalemba "ch," kotero kuti "chifukwa" amaoneka ngati "cifukwa," ndipo wachinyamata wosachenjezedwa akhoza kuganiza kuti osindikiza analakwitsa. Ngati buku linamasuliridwa kangapo, tchulani lomwe mukunena. Aliyense wopita kutchalitchi akudziwa kuti Buku Lopatulika la mu 1922 ndi Buku Loyera la mu 1998 samveka mofanana ngakhale uthenga uli umodzi, ndipo ndi mmenenso zilili ndi mabuku ena omasuliridwa.

Muuzeni kolipeza

Mukamaliza kufotokoza, funso lotsatira ndi lakuti bukulo lili kuti, ndipo yankho lake mukhale nalo musanayambe kulankhula. Ngati ndi lanu ndipo mwakonzeka kubwereketsa, nenani tsiku limene mudzalimalize. Ngati munalibwereka ku laibulale, nenani nthambi yake ndi tsiku limene mudzalibweze, kuti mnzanuyo akalitenge ena asanalitenge. Bungwe la National Library Service, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, lili ndi likulu lake ku Lilongwe ndi nthambi m'mizinda monga Blantyre ndi Mzuzu, ndipo anthu ambiri amangolowamo pokonzekera mayeso, osadziwa kuti atalembetsa umembala akhoza kutenga buku kupita nalo kunyumba. Kumuperekeza mnzanu tsiku lokalembetsa ndi thandizo lalikulu kuposa kumutchulira mabuku 10.

Ngati ndi logula, lozani malo enieni. Mabuku a chipembedzo ndi ena a Chichewa amapezeka m'masitolo a CLAIM, a Montfort Media ku Balaka amasindikiza ndi kugulitsa awo, ndipo a Kachere ku Zomba amadziwika ndi mabuku a mbiri, chikhalidwe ndi chipembedzo cha m'Malawi. Musapeputse ogulitsa mabuku a kaunjika amene amayala katundu wawo m'makonde a masitolo m'tauni. Ena mwa iwo amadziwa bwino zimene ali nazo, ndipo mukawasiyira dzina la buku ndi nambala ya foni amakuimbirani likapezeka. Buku la kunja losowa kwathu kuno mungathe kupempha wachibale amene akubwera patchuthi kuti akunyamulireni, koma mumutumizire chithunzi cha chikuto kuti asagule lolakwika.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani kuti musachite, ngakhale chazolowereka: kujambula buku lonse la mlembi wathu pa fotokope kapena pafoni n'kulimwaza m'magulu. Lamulo la umwini wa zolemba la mu 2016 limaletsa zimenezi, ndipo bungwe la COSOMA lilipo kuti liteteze alembi ndi oimba, koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, chifukwa chake n'choonekeratu. Mlembi wa Chichewa amagulitsa mabuku ochepa kale, ndipo osindikiza akaona kuti loyamba silinabweze ndalama, lachiwiri salilandira. Zaulere zovomerezeka zilipo pa intaneti: African Storybook ili ndi nkhani za ana m'zilankhulo zambiri za mu Africa, ndipo Project Gutenberg ili ndi mabuku akale a Chingerezi amene umwini wake unatha.

Kubwereketsa kosadanitsa

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo pa mabuku mawuwa ndi oona, chifukwa amene mwamubwereketsa lero ndi amene adzakubwereketseni mawa. Komabe maubwenzi ambiri a owerenga asokonekera pa buku losabwezedwa. Chaka china ndinabwereketsa buku la nkhani yaitali kwa mnzanga wakuntchito, ndipo patapita miyezi inayi linabwera lopanda chikuto, litatupa ndi mvula, masamba 8 omalizira palibe. Nditafunsa ndinamva kuti iye anapatsa mlamu wake, mlamuyo anapatsa woyandikana naye nyumba, ndipo kumeneko ana anayatsira mbaula masamba aja. Palibe amene anali ndi mtima woipa pa onsewo. Cholakwika chinali chakuti bukulo linachoka m'manja mwanga popanda mgwirizano uliwonse, ndipo aliyense amene analilandira ankaganiza kuti ndi la amene wamupatsayo.

Kuyambira pamenepo ndimachita izi, ndipo ndikukulangizani chimodzimodzi. Lembani dzina lanu ndi nambala ya foni m'kati mwa chikuto komanso patsamba lina lapakati, chifukwa chikuto ndicho chimayamba kuthothoka. Likutireni ndi pepala lolimba kapena pulasitiki, ndipo m'nyengo ya dzinja mulipereke lili m'jumbo. Kumapeto kwa kope lanu lija lembani dzina la wobwereka, buku ndi tsiku, iye akuona, kuti asaone ngati mukumukayikira koma adziwe kuti mumatero ndi aliyense. Gwirizanani tsiku lobweza, ndipo masabata atatu amakwanira mabuku ambiri. Chofunika koposa, nenani momveka kuti wina akalifuna adzabwereke kwa inu, osati kwa iye.

Tsiku likadutsa, musayambe ndi mawu akuti "buku langa lija." Funsani kuti "Kodi mwafika pati? Pali wina akulidikira Loweruka likudzali," ndipo mwamukumbutsa popanda kumunyazitsa. Mabuku amene sakusindikizidwanso, kapena amene munasiyiridwa ndi makolo, asatuluke pakhomo. Wofuna kuwerenga muitaneni adzawerengere kwanu. Inunso mukabwereka la wina musapinde masamba, musalembemo, ndipo musaliike pansi kapena kuligundika kukhoma kumene chiswe ndi chinyontho zingalifikire.

Mukafuna kukhala kagulu

Anthu asanu mpaka 8 amakwanira, chifukwa mukachuluka ena amangokhala chete mpaka kubalalika. Popeza n'kovuta kupeza mabuku ambiri a mutu umodzi, musaumirire kuti nonse muziwerenga buku limodzi nthawi imodzi. Njira imene yatiyendera bwino ndi yakuti kamodzi pamwezi aliyense amabwera ndi chimene akuwerenga, amapatsidwa mphindi zisanu kuti afotokoze monga ndalongosolera pamwambapa, ena amafunsa mafunso, ndipo pomaliza mabuku onse amaikidwa pamphasa kuti asinthanidwe, mlembi wa gulu akulemba amene watenga lililonse. Pakatha miyezi ingapo mudzapeza kuti buku limodzi ladutsa mwa anthu anayi kapena asanu, ndipo pamenepo mungathe kulipatsa tsiku lakelake lolikambirana mpaka mathero.

Za ndalama, tengerani nzeru ya chipereganyu. Aliyense azisonkha kangachepe mwezi uliwonse, ndipo mmodzi mwa inu, mosinthanasinthana, azisankha buku loti ligulidwe. Gwirizanani kuyambira pachiyambi ngati bukulo likhala la gulu kapena la wosankhayo likamaliza kuzungulira, chifukwa nkhani imeneyi ikasiyidwa imadzabweretsa mkangano wina akamasamuka. Ine ndimakonda kuti mwa mabuku atatu alionse, limodzi likhale la mlembi wa kwathu konkuno, logulidwa latsopano. Ofuna tsiku loyambira angasankhe 23 Epulo, limene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalipatula kukhala tsiku la mabuku padziko lonse.

Wotsogolera zokambirana aonetsetse kuti msonkhano usasanduke kalasi. Pagulu pakakhala aphunzitsi, abusa kapena wachikulire wolemekezeka, achinyamata amaopa kutsutsa, choncho ndi bwino kuyamba ndi aang'ono, akuluakulu n'kulankhula pomaliza. Aliyense alankhule chilankhulo chimene akumasuka nacho, ngakhale bukulo likhale la Chingerezi, ndipo amene sanawerenge mwezi umenewo abwerebe kudzamvera, chifukwa kawirikawiri wotereyu ndi amene amachoka atanyamula buku.

Bukulo likabwerera

Pobweza buku, mnzanuyo akhoza kunena kuti silinamukomere kapena kuti analisiyira panjira. Musayambe kuliteteza, ndipo musamuuze kuti sanalimvetse. Mufunseni tsamba limene anasiyira ndi chimene chinamutopetsa, kaya ndi chilankhulo, kutalika, kapena khalidwe la mpangankhani wina limene linamunyansa, n'kulemba yankholo m'kope lanu pafupi ndi dzina lake, chifukwa limenelo ndi limene lidzakutsogolereni posankha buku lachiwiri. Ngati linamukomera, mufunseni malo amene anamugwira mtima inu musananene anu, ndipo nthawi zambiri mudzadabwa kuti iye anaima pamene inu munangodutsa. Kenako mufunseni nayenso chimene akuwerenga kapena chimene anawerengapo kale chimene akuganiza kuti chingakuyenereni, mulembe dzina la bukulo iye ali pomwepo, ndipo mugwirizane tsiku limene mudzapite kukalitenga.